Nkhalango ya Karura ku Nairobi inatsala pang'ono kutha, anaidzutsa bwanji?

Kumpoto kwa mzinda wa Nairobi, likulu la dziko la Kenya, m'tauni momwemo osati kutchire ayi, kuli nkhalango yotchedwa Karura. Kukula kwake ndi mahekitala opitirira 1,000, ndipo yazunguliridwa ndi madera a anthu andalama monga Muthaiga, Gigiri ndi Runda, maofesi a United Nations ali cha pompo, komanso pali kamudzi kothithikana ka anthu osauka kotchedwa Huruma kamene kanachita kugundana ndi malire a nkhalangoyo. Masiku ano Loweruka m'mawa kumadzadza, ena akuthamanga, ena pa njinga, ana asukulu ndi aphunzitsi awo, mabanja atayala nsalu pansi akudya. Koma cha m'ma 2005 munthu wanzeru zake sankalowamo. Munali mobisalira mbava, anthu ankalandidwa katundu dzuwa likuswa mtengo, ndipo nkhani za mitembo yotayidwa m'menemo sizinkadabwitsa aliyense.

Anthu ambiri akamva za Karura amangokumbukira mayi Wangari Maathai, omenyera chilengedwe a ku Kenya, ndipo nzoona kuti popanda iwo bwenzi pano pali nyumba zokhazokha. Koma chimene chimandikoka ine pa nkhaniyi ndi zimene zinachitika mayiwa atapambana kale, chifukwa kulanditsa malo kwa akuba ndi ntchito ina, kuwadzutsa kuti anthu ayambenso kupitako ndi ntchito inanso, yautali, yotopetsa, yopanda makamera.

Tiyambe ndi kumbuyo pang'ono. Karura inalembedwa m'buku la boma ngati nkhalango yotetezedwa mu 1932, nthawi ya atsamunda. Atsamundawo sanaisiye momwe inalili, anadula mitengo yambiri yachilengedwe nkudzala bulugama ndi mitengo ina yakunja yokula msanga, poti sitima zapamtunda za nthawi imeneyo zinkayendera nkhuni ndipo tauni yomwe inkakula inkafuna matabwa. Nde kuyambira kale nkhalangoyi inali yosakaniza, mbali ina mitengo ya makolo, mbali ina minda ya bulugama. Mkatimo mumadutsa timitsinje, muli mathithi, komanso mapanga amene anthu amati ankhondo a Mau Mau ankabisalamo m'ma 1950 pomenyera ufulu. Mulinso chumuni yakale pomwe banki yaikulu ya dzikolo inkawotchera ndalama zamapepala zakutha.

Mavuto enieni anafika m'ma 1990, nthawi ya Pulezidenti Daniel arap Moi. Malo m'dera limenelo ndi golide, nde anthu ena oyandikana ndi mpando anayamba kugawana nkhalangoyo mwakachetechete, mapuloti kulembedwa m'maina a makampani amene palibe ankawadziwa eni ake, mpakana pafupifupi theka la Karura linapezeka lili ndi "eni" pa pepala. Anthu wamba anadzazindikira mu 1998 ataona mathirakitala akugwetsa mitengo nkulambula misewu yoti adzamangemo nyumba zapamwamba. Apa ndi pomwe Maathai ndi bungwe lake lodzala mitengo la Green Belt Movement, lomwe analiyambitsa mu 1977, analowerera. Analembera akuluakulu a boma, anauza atolankhani, kenako nkuyamba kupita konko ndi mbande kukadzala pomwe padulidwa. Mu Okutobala 1998 gulu la anthu okwiya linatentha makina a makontirakitala. Pa 8 Januwale 1999 Maathai ndi anzake, kuphatikizapo aphungu ena ndi atolankhani, atapita kukadzala mtengo pa geti anakumana ndi anyamata olembedwa ganyu atanyamula zibonga, zikwapu ndi zikwanje, mayiwa anatemedwa m'mutu magazi chuchuchu, ndipo kupolisi anasainira lipoti ndi magazi awo omwewo. Zithunzi zinazungulira dziko lonse, Kofi Annan yemwe anali mkulu wa United Nations anadzudzula, ophunzira a payunivesite analowa m'misewu kwa masiku angapo, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho Moi analengeza kuti kugawa malo a boma kwaimitsidwa. Ntchito yomanga ku Karura inathera pomwepo.

Mayiwa sikanali koyamba. Mu 1989 anali atalimbana kale ndi boma lomwelo pa Uhuru Park, paki ya pakati pa tauni, pomwe ankafuna kumangapo nyumba ya nsanjika 60 ndi chiboliboli cha Moi pambali. Anawanyoza mu nyumba ya malamulo, kuwatcha maina, koma opereka ndalama akunja anabwerera m'mbuyo ndipo nyumbayo sinamangidwe. Mu 2004 analandira mphoto ya Nobel ya mtendere.

Tsono apa ndi pamene nkhani zambiri zimathera, ngati kuti mathirakitala atachoka basi mbalame zinayamba kuimba. Ayi ndithu. Kwa zaka pafupifupi khumi Karura inangokhala, yopulumuka koma yopanda mwini weniweni. Ogwira ntchito za nkhalango analipo koma ochepa, opanda zipangizo, mpanda kunalibe, aliyense ankalowa polowera pake. Odula mitengo mozemba, otchera misampha, ofulula kachasu wakumeneko, otaya zinyalala, achifwamba othawa apolisi, onse anapeza kwawo. Ndipo malo otere akayamba kuwonongeka amadziwonongera okha: anthu abwino akaopa kupitako, oipa amamasuka, oipa akamasuka mbiri imaipiraipira, mbiri ikaipa palibe wandale kapena khonsolo amene angaikepo ndalama pamalo pomwe ovota sapondapo, ndipo pamapeto pake pamabwera munthu wa jekete nkunena kuti malowa angokhala, akusunga mbava, bwanji timangepo mashopu. Anthu otopa ndi kuberedwa amavomera. Mapaki ambiri m'matauni a mu Africa anafa imfa imeneyi, osati ndi mathirakitala a usiku koma ndi kungosiyidwa mpaka aliyense atavomereza kuti alibe ntchito.

Chimene chinatsegula njira ndi lamulo, chinthu chosasangalatsa kuwerenga koma chofunika zedi. Mu 2005 Kenya inakhazikitsa lamulo latsopano la nkhalango, lomwe linabala bungwe la boma la Kenya Forest Service komanso linaloleza anthu okhala pafupi ndi nkhalango kupanga bungwe lawo lovomerezeka nkusainirana ndi boma kuti aziyendetsa limodzi. Kusiyana kwake nkwakukulu. Popanda lamulo lotere, anthu ongodzipereka amatha kusesa, kutchetcha, kudzala, koma sangaike geti, sangalembe mlonda, sangatolere ndalama, ndipo bwana watsopano akabwera mu ofesi atha kuwathamangitsa tsiku limodzi. Ndi lamulo, ali ndi pepala m'manja.

Mu 2009 mpomwe panabadwa Friends of Karura Forest, bungwe la anthu okhala pafupi ndi nkhalangoyo. Amene anakoka chingwe poyamba ndi mayi Alice Macaire, mkazi wa kazembe wa Britain ku Kenya pa nthawiyo, pamodzi ndi mabungwe a anthu okhala m'madera ozungulira, ndipo Maathai anali nawo kumbuyo mpaka pomwe anamwalira mu Seputembala 2011. Tisanamizane apa, kukhala ndi mkazi wa kazembe komanso maneba olemera kunathandiza kwambiri, foni yawo ikaitana ku kampani kapena ku unduna imayankhidwa. Paki ya ku dera la anthu osauka okhaokha ilibe mwayi umenewu, ndipo aliyense wofuna kukopera za Karura ayenera kuliwerengera bwino phindu lobadwa nalo limeneli.

Ntchito yawo yoyamba sinali kudzala mitengo. Anayamba ndi fensi yamagetsi kuzungulira nkhalango, makilomita ochuluka ndithu, ndi thandizo la ndalama lochokera ku makampani monga East African Breweries. Cholinga chinali choti polowera pakhale powerengeka, pa mageti odziwika, komanso kuti malire aoneke ndi maso, paja wakuba malo amakonda pomwe malire ali m'mafayilo mokha. Kenako analemba masikauti oyendera nkhalango usana ndi usiku pamodzi ndi alonda a boma, ndipo apa mpomwe anaganiza mwanzeru: ambiri mwa masikautiwo anawatenga ku Huruma konkuja, mudzi womwe anthu a ku Muthaiga ankauloza chala kuti ndi kochokera mbava. Mnyamata amene dzulo ankadziwa njira zonse zozembera ndi nkhuni lero wavala yunifomu, ali pa malipiro a pamwezi, ndipo akudziwa bwino lomwe kuti alendo akasiya kubwera ntchito yake yatha. Amayi a m'mudzimo anapeza maganyu olambula njira ndi kuzula zomera zosafunika, ena anayamba ulimi wa njuchi, ena nazale za mbande, komanso panakonzedwa dongosolo loti azitola nkhuni zouma pa masiku okhazikika mmalo mozemba usiku. Mukanangomanga fensi nkuwatsekera kunja anthu amenewa, fensiyo ikanadulidwa mwezi womwewo, olo ikhale yamagetsi.

Chitetezo chitakhazikika, zina zinatsatira mosavuta. Njira zoyendamo zinalambulidwa nkuikidwa zikwangwani ndi manambala pa mphambano kuti munthu asasochere, zonse pamodzi makilomita opitirira 50. Anamanga timilatho, zimbudzi, malo a pikiniki, pobwereketsa njinga. Anthu anayamba kubwera pang'onopang'ono, kenako mwaunyinji, mpaka kufika pa anthu masauzande makumimakumi pamwezi pamalo pomwe kale sipankafika ndi mmodzi yemwe wongoyenda. Ndipo unyinjiwo ndiwo unasanduka mlonda wamkulu, chifukwa wakuba sakonda njira yomwe mphindi iliyonse pakudutsa gulu la othamanga.

Za ndalama tsopano, zomwe kwa ine ndiye mtima wa nkhani yonse. Pa geti munthu amalipira, ndipo kwa zaka zambiri nzika ya Kenya yaikulu inkapereka mashilingi 100, ana ndi ochepa, alendo akunja ochulukirapo. Ndalama imeneyi, kuphatikiza ya maukwati, mipikisano yothamanga, ojambula mafilimu ndi zina zochitikira m'menemo, inkalowa mu akaunti yoyendetsedwa mogwirizana ndi Friends of Karura ndi Kenya Forest Service nkugwira ntchito pompo: malipiro a masikauti, kukonza fensi mtengo ukaigwera, mafuta a galimoto yoyendera, mbande. Zikumveka zazing'ono koma ndi pomwe mapolojekiti ambiri amagwera. Zili ngati mjigo wa kumudzi, wobwera ndi bungwe, kutsegulidwa ndi nyimbo ndi magule, koma pakatha chaka kalabala kakang'ono kakatha palibe komiti, palibe thumba la ndalama, amayi abwerera kudambo. Wopereka thandizo amakonda kulipira chinthu chooneka chomwe angaikepo chikwangwani chake, koma malipiro a mlonda a mwezi wa 87 palibe amawafuna, nde paki yomwe ilibe njira yakeyake yopezera ndalama ya tsiku ndi tsiku imabwerera kutchire basi, kaya inakonzedwa mokongola bwanji.

Mitengo inabwera pambuyo, ndipo nayonso si nkhani yongokumba dzenje nkujambulitsa. Vuto lalikulu linali lantana, kachitsamba kaminga ka maluwa okongola kamene kanachokera ku America, kamamera mothithikana nkupha china chilichonse pansi pake, kwathu kunonso kaliko m'mbali mwa misewu. Ukadula kamaphukanso, nde pamafunika kuzula ndi mizu yomwe, nkubwereranso kangapo, ntchito ya manja ya zaka. Kwinaku akhala akudula bulugama ndi mitengo ina yakunja chigawo ndi chigawo nkubwezeretsa mitengo yachilengedwe. Izi zimasokoneza anthu, munthu wabwera kudzapuma nkumva makina ocheka matabwa mkati mwa nkhalango yotetezedwa, amathamangira pa intaneti kukalemba kuti Karura ikugulitsidwanso, ndipo poganizira mbiri ija simungamunene. Koma bulugama amamwa madzi kwambiri ndipo pansi pake sipamera zambiri, mbalame ndi nyama sizipezapo chakudya chokwanira. Pomwe mitengo ya makolo yabwerera, zamoyo nazo zachuluka, nchima, mbawala, agwape, anungu, mitundu ya mbalame pafupifupi 200. Kuyambira mu 2014 anabweretsamonso anyani akuda ndi oyera otchedwa colobus, kuwachotsa m'madera momwe nkhalango zawo zinatha ndipo ankalimbana ndi alimi, ndipo aswana m'menemo. Mabotolo apulasitiki otaya ukamwera saloledwa, pa geti amayang'ana m'zikwama.

Pali funso lomwe anthu ena a ku Nairobi amafunsa ndipo ine ndimaona kuti ndi lachilungamo: paki ya fensi ndi tikiti ndi ya aliyense zoona? Ndalama ya pa geti kwa wa ku Runda si kanthu, koma kwa mayi wogulitsa masamba wa ana anayi, kuphatikiza thiransipoti, ndi bajeti ya chakudya cha tsiku. Ukayang'ana magalimoto oimikidwa pa geti Lamlungu umadziwiratu kuti ambiri obwera ndi a gulu liti. Ena amayankha kuti bola nkhalango yolipiritsa yomwe ilipo kusiyana ndi yaulere yomwe aliyense ankaiopa, ndipo ana asukulu ambirimbiri amabwera pa mtengo wotsika kudzaphunzira. Mbali zonse zili ndi mfundo. Chomwe sindingavomere ndi kutenga fensi ngati mankhwala a paki iliyonse.

Umboni wake uli ku New York. Bryant Park, kapaki ka mahekitala pafupifupi 4 kuseri kwa laibulale yaikulu ya mzindawo, m'ma 1970 kanali msika wa mankhwala ozunguza bongo, anthu a m'maofesi oyandikana ankachita kukazungulira. Katswiri wina woona momwe anthu amagwiritsira ntchito malo a m'tauni, William H. Whyte, atakaunika anapeza kuti vuto ndi kubisika: pakiyo inali pamwamba kuposa msewu, yotchingidwa ndi mipanda ndi zitsamba zazitali, wodutsa panja samaona zamkati. Nde kumeneko mankhwala anali osemphana ndi a Karura, anachotsa zotchinga, kukulitsa ndi kuwonjezera polowera, kuika magetsi, timashopu ta khofi, zimbudzi zaukhondo ndi mipando yoti munthu anyamule akaike pomwe akufuna. Bungwe loyendetsa linakhazikitsidwa mu 1980, pakiyo inatsegulidwanso mu 1992, kulowa ndi ulere, ndalama zimachokera kwa eni nyumba zamalonda zozungulira, malo odyera ndi zochitika. Kanthu kena kamene kamandisangalatsa, oyendetsa pakiyi amawerenga anthu tsiku ndi tsiku nkuona kuti akazi ndi angati, amuna angati, poti akazi ndi amene amayamba kuthawa malo akayamba kuopsa, nde chiwerengero chawo chikatsika ndiye kuti pali china chalakwika ngakhale lipoti la kupolisi lisanabwere. Nkhalango ya mahekitala 1,000 sungaione yonse uli pamsewu, ikufunika mpanda ndi oyendera. Kapaki ka pakati pa mashopu kakufunika maso a anthu odutsa. Kwinako anatseka, kwinako anatsegula, koma onse ankasaka chinthu chimodzi, kuti munthu wamba, makamaka mayi ndi mwana, alowe mosaopa, ndipo pakhale wina wodziwika dzina amene akafunsidwe chimbudzi chikatsekeka.

Ku Nairobi komweko kuli njira inanso yomwe boma linatsata pa Uhuru Park: kuitseka kumapeto kwa 2021, kulowetsa makina ndi asilikali, kumanga zambiri zatsopano, nkudzaitsegula mu 2024. Yaoneka bwino, inde, koma kwa zaka zoposa ziwiri anthu osauka a m'tauni, amene pakiyi ndi pomwe amagona pa kapinga masana podikira ganyu osalipira kanthu, analibe kolowera, ndipo ojambula zithunzi ndi ogulitsa tinthu amene ankadyera pamenepo anabalalika. Kukonza kwa mtundu umenewu kumafulumira chifukwa safunsa munthu, koma funso la amene adzatchetche kapinga zaka khumi zikubwerazi limakhala lisanayankhidwe.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. Chaka chilichonse nyengo yodzala mitengo ikafika timaona akuluakulu atagwira khasu latsopano, mbande zikwizikwi, koma kubwerera pamalopo mwezi wa Okutobala upeza mbuzi ndi moto zinamaliza kale. Amene anakulira ku Blantyre akudziwa momwe phiri la Ndirande linayeretsedwera m'ma 1990, ndipo malo ngati Njamba kapena Nature Sanctuary ya ku Lilongwe m'mbali mwa Lingadzi ali pakati pa tauni pomwe puloti iliyonse ikusilirika. Lamulo lathu la nkhalango la 1997 nalonso limaloleza boma kugwirizana ndi anthu a m'dera poyendetsa nkhalango, nde pepala lilipo, chimene chimasowa kawirikawiri ndi gulu lolimba la maneba, akaunti yoonekera poyera ndi ntchito zenizeni za malipiro kwa anyamata okhala m'mphepete.

Ndipo musaganize kuti ku Karura zinatha. Zikalata zina za mapuloti a m'ma 1990 zija zakhala zikuzungulirabe m'makhoti, anthu akumati malowo anagula mwalamulo. Mu 2024 kunabuka mapulani odula mbali ya nkhalango kuti akulitse msewu wa Kiambu Road, Green Belt Movement inathamangira kukhoti ndipo khoti linaimitsa. Kenako kumapeto kwa Ogasiti 2025 Kenya Forest Service inalengeza mwadzidzidzi kuti ndalama zonse za pa geti zizilipiridwa kudzera pa eCitizen, njira ya boma yolipirira pa intaneti, kutanthauza kuti ziziyamba zalowa ku thumba la boma mmalo mwa akaunti yogwirizana ija. A boma ankati ndi lamulo la ndalama zonse za boma ndipo zithandiza kuti zinthu zizioneka poyera. A Friends of Karura ankati sanafunsidwe, mgwirizano waphwanyidwa, ndipo anafunsa kuti masikauti ndi amayi a ku Huruma aja azilipidwa ndi ndani, liti, ndalama ikayamba yazungulira ku likulu. Nthawi yomwe Karura inali yoopsa palibe ankalimbirana geti yake, mkangano wabwera pomwe geti yayamba kulowetsa mamiliyoni.